Chipatala cha boma chinali kumtunda, matenda anali ku Malambo

Boma la Mambwe ndi la dzulodzuloli. Nthawi yonse ya atsamunda, dziko la Akunda, lotchedwa Malambo, la mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Malama ndi Msoro, linkalamulidwa kuchokera ku Fort Jameson, mzinda umene lero ndi Chipata. Bwana D.C. ankakhala kumeneko, ndende inali kumeneko, ndipo dokotala wa boma ndi chipatala chake analinso komweko, kumapiri kozizira, makilomita oposa 100 kuchokera m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa. Munthu wa kwa Kakumbi akadwala kwambiri, nkhani yoyamba pabanja sinali ya mankhwala ayi. Inali yakuti adzamunyamula ndani, adzagona kuti m'njira, ndipo kodi mtsinje wa Lupande ulola kuwoloka.

Fort Jameson inamangidwa pa phulusa la nkhondo. Mu 1898 asilikali a azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni ndi kupha Nsingu, ndipo mu 1899 Robert Codrington anakhazika pamenepo likulu la North-Eastern Rhodesia m'dzina la kampani ya British South Africa. Kampani si mpingo. Dokotala amene inamulemba ntchito anabwerera antchito ake omwe: mabwana a pa boma ndi mabanja awo, azungu a m'mafamu, apolisi, amesenjala ndi akaidi. Ankayezanso anyamata opita kuchibalo ku Southern Rhodesia, kung'amba mitembo pa milandu ya kuphana, ndi kuima pambali pamene mkaidi akukwapulidwa kuti anene ngati thupi lake lingapirire. Zotsala za tsiku lake ndizo zinkapita kwa odwala wamba. Mankhwala ankachokera kutali, kudzera ku Chinde ndi Blantyre kapena ku Tete, ndipo gawo lomaliza la ulendo linali pamutu pa amtengatenga. Anthu ankakhoma msonkho wa nyumba wa mashiling'i atatu, koma palibe amene ankanamizira kuti ndalamayo ikubwerera kwa iwo ngati bedi kapena botolo la kwinini.

Chimene chinatsitsira madokotala a boma ku chigwa chinali mantha. Kaodzera ankadziwika kale kumpoto, ku Luapula, Mweru ndi Tanganyika, ndipo akatswiri ankati amafalitsidwa ndi kashembe wa m'mbali mwa madzi yekha, wotchedwa Glossina palpalis. Ku Luangwa kashembe ameneyo kulibe, motero azungu ankagona tulo. Koma mu 1909 mzungu wina amene anayenda m'chigwachi anadwala, natengeredwa ku Liverpool. Kumeneko akatswiri J. W. W. Stephens ndi H. B. Fantham anayang'ana magazi ake, napeza kuti kachilombo kake nkosiyana ndi ka ku West Africa. Mu 1910 anakatcha Trypanosoma rhodesiense. Ka kumadzuloko kamatha zaka kakumudya munthu pang'onopang'ono, pamene aka kamamaliza ntchito m'miyezi yowerengeka. Kampani inanjenjemera, chifukwa njira ya makalata ndi ya antchito yochokera ku Fort Jameson kupita ku njanji ya ku Broken Hill inkadutsa m'chigwa chomwecho.

Mu 1911 madokotala Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke anamanga msasa ku Nawalia, kutsidya la kumadzulo kwa Luangwa, pamodzi ndi katswiri wa tizilombo touluka Llewellyn Lloyd. Ntchito imene anagwira kumeneko inali yaikulu, ndipo tisaichepetse. Ankaweta akashembe m'timabotolo, kuwadyetsa pa nyama zodwala, kenako pa anyani ndi makoswe abwinobwino, mpaka anatsimikiza kuti wofalitsa matendawa ndi Glossina morsitans, kashembe wamba wa m'tchire la tsanya amene mlenje aliyense wa ku Malambo amamudziwa ndi kumbuyo kwa khosi lake. Anapezanso tizilombo tofanana ndi ka matendawa m'magazi a nyama zakutchire monga nswala ndi mbawala. Pa nthawi yomweyo dokotala wina, David Bruce, anali ndi msasa wake ku Kasu, m'boma la Dowa ku Nyasaland, ndipo iye anagamula kuti nyama zakutchire ziphedwe basi. Mkangano wa nyama ndi kashembe unatenga zaka makumi angapo. Koma taonani chimene chinafika ku chigwa: makina oonera tizilombo, anyani a m'zikwere, mfuti zotolera magazi a nyama. Wodi yogonekamo mayi wodwala malungo sinali pa ndondomeko.

Ngakhale odwala kaodzera enieniwo, panalibe chowachiritsa nacho. Atoxyl, mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic, ankachititsa khungu ndipo pa kachilombo ka ku Luangwa sankaphula kanthu. Boma linagwiritsa chimene linali nacho, ndicho lamulo. Chigwa chinatsekedwa. Kuyenda kunafuna chiphaso, apaulendo ankaimitsidwa kuti awapapase m'khosi kufuna timitsempha totupa, opezeka ndi matenda ankapatulidwa kwa abale awo, ndipo midzi ina inkauzidwa kuti isamuke. Munthu woona izi akanaphunzira chiyani za dokotala wa boma? Anaphunzira kuti ndi mnzake wa mesenjala, kuti akakugwira m'khosi umachoka pamudzi, ndipo ambiri ochokawo sabwerera. Kubisa wodwala kuthengo pamene ulendo wa bwana wamveka sikunali umbuli. Kunali kuwerenga bwino zimene maso aona.

Wolemba mbiri Leroy Vail, m'nkhani yake ya 1977 yonena za kum'mawa kwa Zambia, ananena chinthu chimene ine ndimachiona kuti ncholemera kuposa malipoti onse a madokotala. Mliri wa ng'ombe wa m'ma 1890 unapha nyama zambiri zakutchire, kashembe nachepa. Nyama zitayamba kuchulukanso, boma linali litaletsa kale anthu kusaka momasuka, litawaumiriza kukhala m'midzi ikuluikulu, ndipo msonkho unali utathamangitsira amuna ku migodi ndi ku mafamu a kummwera. Minda inabwerera kukhala tchire, tchire linaitana nyama, nyama zinabweretsa kashembe pakhomo. Kumtunda nako kampani ya North Charterland inali itatenga dziko lalikulu, anthu napanikizidwa m'malo ochepa. Ndiye kuti boma lomwe linkatumiza dokotala kudzawerenga odwala ndilo linkakonza njira ya matendawo. Ndipo amuna amene akananyamula machira kukwera nawo ku Fort Jameson ndiwo anali ku Wankie ndi ku Salisbury.

Tiyeni tsono tilowe m'chipatala chenichenicho, pakuti ena ankafika ndithu. Monga m'matauni ena a Northern Rhodesia, ku Fort Jameson zipatala zinali ziwiri, cha azungu ndi cha anthu akuda. Cha azungu chinali ndi mabedi ochepa, masisitala achizungu ophunzira bwino, nsalu zoyera ndi maneti. Cha anthu akuda chinali ndi odwala ochuluka kuposa malo, ndipo bedi likasowa munthu ankalandira bulangete ndi pansi. Dokotala anali yemweyo, woyenda uku ndi uku, ndipo akaitanidwa ku famu ya fodya kumene mkazi wa mzungu wadwala, kapena akapita pa ulendo wa masabata kumidzi, chipatala cha anthu akuda chinkatsala m'manja mwa anthu akuda okhaokha.

Anthu amenewa ndiwo eni nkhani. Boma linkawatcha ma orderly kapena ma dresser, ndipo pambuyo pake kunabwera maudindo a medical assistant ndi hospital assistant, koma kwa odwala onsewa anali adokotala. Oyambirira ambiri anachokera ku Nyasaland, ophunzitsidwa ku mishoni za Blantyre ndi Livingstonia, kumene ntchito yophunzitsa Afirika zachipatala inayamba msanga. Ena anayamba ngati osesa kapena otunga madzi, naphunzira poyang'ana. Sukulu ya boma yophunzitsa othandiza madokotala inadzatsegulidwa ku Lusaka m'ma 1930, ndipo nkhondo yachiwiri itatha kunabweranso anyamata amene anaphunzira kumanga mabala ku usilikali, ku East Africa ndi ku Burma.

M'mawa wa munthu wotere unkayamba ndi moto, chifukwa majekeseni anali agalasi, singano zake zogwiritsa mobwerezabwereza, ndipo zonse zinkafunika kuwiritsidwa. Singano ikabuntha ankainola. Panja pankakhala mzere wa anthu a zilonda za m'miyendo, zilonda zikuluzikulu zonunkha zija zimene zinkadya mnofu mpaka fupa kuoneka, ndipo iye ankazitsuka chimodzichimodzi ndi madzi ofiirira a pamanganeti, kuchotsa mnofu wakufa, kumanga, mawa lake chimodzimodzi, kwa milungu. Pa shelefu pankakhala mabotolo akuluakulu a mankhwala osakaniza kale, la chifuwa, la m'mimba, la malungo, ndipo wodwala ankamwera pomwepo iye akuona. Iyeyo ndiye ankabaya chala, kupaka magazi pa kagalasi ndi kusuzumira m'makina. Ndiye ankagwetsera chloroform pa kansalu kophimba mphuno dokotala akamachita opaleshoni. Ndiye ankadzuka usiku. Koposa zonse ndiye anali pakamwa ndi khutu la dokotala. Mayi wachikunda akalongosola kuti mutu ukuwaza, thupi likuphwanya ndipo zonsezi zinayamba atakangana ndi apongozi pa nkhani ya munda, womasulirayo ankasankha yekha chimene bwana amve. Nayenso bwana akalankhula za tizilombo ta m'magazi, womasulira ankafuna mawu amene mayiyo angawalandire. Mankhwala achizungu analowa m'midzi yathu kudzera m'kamwa mwa anthu amenewa, ndipo anawapatsa maonekedwe amene azungu eni ake sankawadziwa.

Malipiro awo anali ochepa, ndipo denga lawo linali lotsika. Munthu wa zaka makumi awiri pa ntchito, wodziwa kuzula dzino ndi kubwezera fupa, ankaimabe chilili pamaso pa sisitala wachizungu amene wafika dzulo. Anamwino achikazi achikuda anachedwa kupezeka, chifukwa atsikana ofika makalasi apamwamba anali ochepa ndipo makolo sankafuna mwana wawo azigwira matupi a amuna achilendo. Zotsatira zake, amayi ambiri sankalola kuvulira mwamuna wa msinkhu wa mwana wawo, ndipo uchembere unatsalabe m'manja mwa azamba kumudzi. Amene ankafika ku chipatala ndi pakati anali amene zavuta kale masiku awiri kapena atatu, ndipo akamwalira, mbiri inkabwerera kumudzi yakuti kuchipatala nkofera.

Pali gulu lina la antchito limene silinalembedwe m'buku la malipiro: odwazika matenda. Chipatala chinkapereka phoso la ufa, nyemba ndi mchere, nthawi zina kanyama, koma womwetsa wodwala phala, womutembenuza, womuchapira ndi womuperekeza kuchimbudzi anali mlongo wake, mkazi wake kapena amayi ake, ogona pakhonde kapena pansi pa bedi, ophika pa mafuwa kuseri kwa wodi. Kwa banja la ku Malambo mtengo wake unali woopsa. Wodwala mmodzi ankachotsa pamunda anthu awiri kapena atatu, ndipo ngati ndi nyengo ya dzinja, pamene malungo ndi kamwazi zimachuluka, ndiye kuti mapira atsala ndi udzu, njovu ndi anyani. Makande a m'chigwa akanyowa sayendeka, mitsinje ya Lupande ndi Msandile ikadzaza imadula njira. Choncho banja linkayamba layesa sing'anga wapafupi, osati chifukwa chokana jekeseni, koma chifukwa sing'anga sankafuna ulendo wa masiku.

Jekeseniyo anthu ankaikonda ikakhala yogwira ntchito. M'ma 1920 jekeseni za bismuth ndi za neosalvarsan zinkapoletsa zilonda za yaws ndi za chindoko m'masiku ochepa, anthu naona ndi maso awo, nayamba kuyenda mitunda kukaifuna. Chimene ankachikayikira ndi kutengedwa magazi popanda kuuzidwa chifukwa, ndi kung'ambidwa kwa mitembo. M'ma 1930 mphekesera za banyama, anthu ogwira anzawo ndi kuwapopa magazi potumidwa ndi azungu, zinafala m'madera ambiri a Northern Rhodesia, ndipo Luise White, amene anazifufuza, anaonetsa kuti zinkayenda limodzi ndi ntchito zolimbana ndi kashembe. M'zaka zomwezo a Mchape anachoka ku Mulanje nafika kum'mawa kuno ndi mankhwala awo otsuka ufiti, midzi yathunthu nimwa. Boma linkadabwa kuti anthu akukhamukira kwa anyamata a botolo ndi kalilole. Koma a Mchape ankafika pamudzi, ndipo ankayankha funso limene chipatala sichinkalifunsa nkomwe, lakuti chifukwa chiyani imfa zachuluka chotere.

Mpata umene boma linasiya unadzazidwa, pang'ono, ndi mishoni. Bishopu woyamba wa Anglican ku Northern Rhodesia, John Edward Hine, anali dokotala wophunzira, ndipo ndiye anatumiza ku Msoro wansembe Leonard Kamungu, Mchewa wa ku Chia kufupi ndi Nkhotakota. Kamungu anafika mu 1911, nagwira ntchito zaka ziwiri zokha, namwalira mu 1913, ndipo ambiri amakhulupirira kuti anadyetsedwa poizoni. Msoro inakhala malo a sukulu ndi a mankhwala m'chigwa. A Dutch Reformed, amene anayamba ku Magwero mu 1899, anali ndi malo a akhate ku Nsadzu ndipo anadzakhazikika ku Kamoto, m'dziko la Akunda. A Seventh-day Adventist anatsegula chipatala ku Mwami m'ma 1920, nawonso akusamalira akhate. Boma linaona kuti kupatsa mishoni kandalama kothandizira nkotchipa kuposa kumanga zipatala zake, ndipo linachita zomwezo. Mavuto a zachuma a m'ma 1930 atafika linadulanso antchito, moti lipoti la Sir Alan Pim la 1938 linadandaula poyera za kuchepa kwa chithandizo cha zaumoyo kwa Afirika m'dziko lotulutsa mkuwa wochuluka chotero.

Chaka chomwecho cha 1938 mpamene boma linakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya nyama kumwera kwa Luangwa, imene mu 1972 inadzakhala South Luangwa National Park. Nthambi imene inapangidwa m'ma 1940 inkatchedwa Game and Tsetse Control, nyama ndi kashembe m'ofesi imodzi, ndipo pa misewu yotuluka m'chigwa panaikidwa zipata pamene galimoto ndi njinga zinkaimitsidwa kuti azichotse akashembe. Zipatazo zinkateteza ng'ombe za kumtunda. Anthu a kumunsi anapitiriza kukhala ndi kashembe wawo. Cha m'ma 1950 woyang'anira nyama Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti alendo azilipira kudzaona nyama, ndalama zina nzilowa m'thumba la Kunda Native Authority, ndipo maboma a mafumu otere ndiwo ankathandiza kuyendetsa timadisipensale ta kumidzi, ta chipinda chimodzi kapena ziwiri, mmene munthu mmodzi ankakhala dokotala, namwino ndi kalaliki. Apa mpamene chithandizo cha boma chinayamba kugona m'chigwa usiku, m'malo mongodutsa pa ulendo.

Chodabwitsa nchakuti ngakhale a mishoni anakwera phiri. Mu 1948 wansembe amenenso anali dokotala, Francis Trefusis, anayambitsa chipatala cha St Francis ku Katete, pa msewu waukulu wa Great East, pochoka ku Msoro kumene kunali kotentha ndi kovuta kufikako. Chipatalacho chinakula kwambiri, makamaka m'zaka za dokotala James Cairns amene anafika mu 1958, ndipo chathandiza anthu osawerengeka a chigawo chonse cha kum'mawa. Sindikuwaimba mlandu, pakuti chipatala chachikulu chimafuna msewu, madzi ndi antchito olola kukhalapo. Koma kwa munthu wa kwa Malama tanthauzo lake linali lomwe lija: bedi labwino lili kumtunda.

Mankhwala a kaodzera nawo anabwera mochedwa ndi mowawa. Suramin, amene poyamba ankatchedwa Bayer 205, anayesedwa mu Northern Rhodesia momwemo kumayambiriro kwa ma 1920 ndi Mjeremani Friedrich Kleine, ndipo ankachiritsa ngati kachilombo sikanafike ku ubongo. Kodi ndi angati a ku Malambo ankafika msanga chotero, pamene zizindikiro zoyamba zimafanana ndi malungo? Ofika mochedwa analibe chiyembekezo mpaka 1949, pamene Ernst Friedheim anatulutsa melarsoprol. Kuti adziwe pamene matenda afika, wodwala ankapindidwa msana, singano yaitali nilowa pakati pa mafupa kutenga madzi a kumsana, ndipo akapezeka kuti afika ku ubongo ankabayidwa melarsoprol mumtsempha, masiku atatu otsatizana, kupuma sabata, kubwerezanso, mwezi wathunthu ali m'chipatala. Mankhwalawo amaotcha mtsempha, ndipo mwa odwala makumi awiri aliwonse, mmodzi ankafa ndi mankhwala omwewo. Wobaya jekeseni imeneyo, ndi woyang'anira usiku ngati wodwala wayamba kugwedezeka, kawirikawiri anali medical assistant wachikuda.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, zaumoyo zinapita m'manja mwa boma la ku Salisbury. Penicillin, chloroquine ndi dapsone wa khate zinali zitafika, nyumba zina zatsopano zinamangidwa, koma tsankho la mawodi linakhalapobe mpaka chitaganya chinatha mu 1963, ufulu nubwera pa 24 October 1964. Dziko linalandira zipatala zokhala m'matauni ndi m'mbali mwa njanji, madokotala achizambia owerengeka pa zala, ndi gulu la ma medical assistant amene anasenza zipatala za kumidzi azungu ambiri atapita. Ku Mambwe, ngakhale litakhala boma palokha, chipatala cha mishoni cha Kamoto ndicho chinakhala zaka zambiri chikulandira odwala otumizidwa kuchokera m'makiliniki a m'chigwa. Ku Kakumbi kuli malo ofufuzira za kashembe mpaka lero, ndipo kaodzera akadapezekabe mwa apo ndi apo. Mapilitsi a fexinidazole, oyesedwa ku Rumphi m'Malawi ndi ku Lwala mu Uganda, anavomerezedwa ndi bungwe la mankhwala la ku Ulaya kuti azichiza kaodzera wa mtundu wa ku Luangwa mu December 2023, patapita zaka 113 chitchulidwireni kachilomboka dzina.

Mayina a Kinghorn, Yorke ndi Bruce ali m'mabuku a sukulu za udokotala, ndipo malipoti a mabwana a ku Fort Jameson akusungidwa ku National Archives ku Lusaka. A amene ankawiritsa singano ndi kutsuka zilonda ali m'mitu ya adzukulu awo ku Jumbe, ku Msoro, ku Masumba ndi ku Kapata. Ngati agogo anu anagwirapo ntchito imeneyi, khalani pansi ndi akuluakulu amene atsala, mulembe dzina lawo, kumene anaphunzira, kumene anatumizidwa ndi zaka zake, ndipo kope limodzi mukalisiye ku sukulu kapena ku chipatala cha kwanuko.